Mwini Khoka ndi Mwini Nyali

Nkhani imene tifuna kukamba nanu mwezi uno tinaiphunzira mochedwa, imvi zitayamba kale, ndipo amene anatiphunzitsa ndi mnyamata amene ife tomwe tinamphunzitsa kuwerengera mu Sitandade 4. Tiikamba ngakhale itichititsa manyazi pang'ono, pakuti tikhulupirira kuti si m'nyumba mwathu mokha mmene muli funso ili: pamene anthu, aliyense ndi nzeru zake, agwira ntchito imodzi, ndani ayenera kunena mau otsiriza?

Ife si mbadwa za pa Likoma. Tinabwera kuno ndi ntchito ya uphunzitsi zaka zoposa 20 zapitazo kuchokera kumtunda, kumene munthu amakula ndi khasu, ndipo madzi aakulu amene tinali kuwadziwa anali a m'dambo nthawi ya dzinja. Chilumbachi n'chaching'ono, cha miyala ndi milambe, ndipo chimanga sichichita bwino. Tsono moyo wa mabanja ambiri, ku Makulawe, ku Ulisa, ku Nkhwazi ndi ku Mbamba komwe, uli pa nyanja. Ana ambiri amene timawaphunzitsa amalowa m'kalasi atathandiza kale kuyanika usipa. Koma zaka zonsezi ife tinkangoona nyali zikuthwanima usiku ngati mudzi woyandama pa madzi, osadziwa zimene zimachitika kumeneko.

Chaka chimene mwana wathu woyamba, wamkazi, anamaliza Fomu 4, m'nyumba mwathu munalowa bata loipa. Ife tinali titakonza kale zonse: adzapita ku sukulu ya aphunzitsi, nadzabwera kudzagwira choko monga atate wake. Pepala lofunsira malo tinakatenga tokha, ndipo kunena zoona tinayamba kulilemba tokha. Koma tsiku lina madzulo, titatha kudya, iye anagwada nanena motsitsa mau, "Bambo, ine mtima wanga suli ku uphunzitsi. Ndifuna kukaphunzira za injini za sitima ku sukulu ya za panyanja ku Monkey Bay." Tinamuyankha mwachidule kuti m'nyumba muno mutu ndi umodzi. Sanatsutse. Anadzuka natsuka mbale, ndipo kwa milungu itatu tinkangopatsana moni ngati alendo okumana pa doko. Usiku wina amai ake anayesa kutilankhula, nati, "Bambo, kodi mwanayu mwamfunsa chimene waona kumeneko?" Ife tinatembenukira kukhoma.

M'masiku omwewo tinakumana pa msika wa ku Mbamba ndi mnyamata uja. Tsopano ndi bambo wa ana awiri, ndipo ntchito yake ndi ya usiginala, ndiye kuti ndi iye amene amakhala ndi nyali m'bwato pa usodzi wa usiku. Iye anati, "Aphunzitsi, zaka zonsezi mukudya usipa wathu osadziwa kumene uchokera. Mwezi uli mu mdima, tiyeni mawa mukaone." Tinavomera, kapena chifukwa chakuti kunyumba kunali kolemetsa kukhalako.

Kwa inu a kumtunda tifotokoze pang'ono. Khoka la usipa ndi utaka kuno limatchedwa chilimira. Ndi lalikulu, losatheka ndi munthu mmodzi kapena awiri; limafuna anthu pafupifupi 10, amene amatchedwa alovi, maboti okoka khokalo, ndi bwato limodzi la nyali. Kale nyali zinali za palafini zopopa zija, koma masiku ano ambiri amayatsa mababu a batire. Usipa umatsata kuwala, ndipo n'chifukwa chake usodzi umenewu umayenda bwino mwezi ukakhala mu mdima.

Choyamba kutidabwitsa chinali ichi. Pa gombe wolamula anali mwini khoka. Ndiye anagula khoka, maboti, injini ndi mafuta. Ndiye ananena kuti lero tipita, ndipo tiloza cha ku Chizumulu. Ndipo onse anamvera popanda funso. Titangokankha boti, mau ake anayamba kuchepa. Woyendetsa injini ndiye ankasankha podzera pakati pa miyala, ndipo pamene mwini khoka analoza njira yachidule, woyendetsayo anangopukusa mutu napitiriza ulendo wake, mwini khoka osakwiya. Titafika pamalo injini inazimitsidwa, nyali zinayatsidwa, ndipo kuyambira pamenepo ufumu wonse unasamukira kwa mwana wathu uja wa Sitandade 4.

Anakhala yekha m'bwato, maso ali m'madzi. Tinadikira ola limodzi, kapena awiri, mphepo yozizira ikulowa m'mafupa, popanda wolankhula. Kenaka pansi pa nyali madzi anayamba kunyezimira ngati wina wamwazamo ndalama zasiliva. Maboti anazungulira naponya khoka. Ife poona nsomba zochuluka chotero mtima unatidumpha, ndipo ndi mau omwe aja timaitanira ana pa mzere m'mawa tinafuula, "Kokani! Kokani, zithawa!" Alovi awiri anagwedeza chingwe, pakuti nawonso anadutsa m'manja mwathu ku sukulu, ndipo mau a mphunzitsi sachoka msanga m'khutu. Pomwepo kuchokera ku nyali kunamveka mau odekha: "Aphunzitsi, chonde, kuno wonena kuti kokani ndi mmodzi." Mwini khoka, munthu wa msinkhu wathu, anatigwira pa bondo natikhazika pansi. Tinayamika Mulungu kuti kunali mdima.

Panapita nthawi ndithu chizindikiro chisanaperekedwe. Iye ankapalasa pang'onopang'ono, kutsogolera usipa kukamwa kwa khoka monga mnyamata alowetsa mbuzi m'khola. Kenaka anagogoda bwato ndi nkhafi, ndipo manja onse anakoka pamodzi. Pambuyo pake, tikupuma, anatifotokozera mwaulemu kuti nsomba zimene ife tinaziona pamwamba zinali zotsogola chabe, gulu lenileni linali pansi lisanakwere, ndipo woliona ndi iye yekha amene ali pamwamba pa kuwalako. Anatinso anthu 10 akayamba kukoka yense pa nthawi imene maso ake amuuza, khoka limatsekeka mopendekeka, usipa n'kutulukira pansi, ndipo onse amabwerera ndi mafuta otha ndi ndowa zopanda kanthu.

Komatu musaganize kuti alovi aja anali ngati ng'ombe za pa ngolo. Siginala sanauze munthu kagwiridwe ka chingwe. Pamene mbali ina ya khoka inapindika, amene anali pafupi anaiongola osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Wokapa madzi m'boti ankakapa poona yekha kuti madzi achuluka. Yense anali ndi kachigawo kake kamene anali mfumu, ndipo palibe amene ankalowa m'kachigawo ka mnzake. Chinthu chimodzi chokha, nthawi yokoka, ndicho chinali m'kamwa mwa munthu mmodzi.

Titakoka kawiri kunachitika chinthu chimene tachilingalira koposa zonse. Wokapa madzi uja, amene anali wamng'ono pa onse ndi wa malipiro ochepa pa onse, anayang'ana kumwera nati nyenyezi zayamba kubisika, ndipo mafunde asintha kamenyedwe; mwera ukubwera. Inali nyengo imene mwera umayamba kutha, koma aliyense wa kuno adziwa kuti mphepo imeneyi siitsazika. Mwini khoka anafuna kuponya kachitatu, nanena poyera kuti ndalama za mafuta zinali zisanabwerere. Siginala anakhala chete kanthawi, pakuti usipa unali utasonkhananso. Woyendetsa injini anayang'ana kumene mnyamatayo analoza, nati iyenso sakukondwa nako. Pamenepo siginala anazimitsa nyali, ndipo tinabwerera.

Tikadakonda kukuuzani kuti kunadza namondwe woopsa ndipo mnyamatayo anatipulumutsa. Si mmene zinakhalira. Mphepo inabweradi, koma yapakatikati, yoti maboti ena anakhalabe pa nyanja mpaka m'bandakucha, nabwera ndi usipa wambiri kuposa ife. Mwini khoka anang'ung'udza njira yonse yopita kwao. Koma tinaona kuti kwa mnyamata uja sananene liu limodzi lomdzudzula. Titafunsa siginala chifukwa chake, iye anati, "Aphunzitsi, mukamkalipira lero, tsiku limene mwera udzabwere weniweni adzakhala chete." M'gulu limenelo wonena kuti kokani ndi mmodzi, koma wonena kuti lekani ndi aliyense, ndipo salipitsidwa akaphonya. Nyanja iyi siiyang'ana udindo wa munthu. Bishopu Chauncy Maples, atangodzozedwa ku London kukhala bishopu wa Likoma m'chaka cha 1895, anamira m'nyanja yomweyi boti lake litagubuduzika ndi mphepo, asanafike n'komwe pa mpando wake.

M'mawa wake, tulo titasowa, tinatsegula Machitidwe a Atumwi mutu 27, nkhani imene taiphunzitsa kambirimbiri ku Sande Sukulu, ndipo tinaiona ndi maso ena. Paulo ali wandende pa ulendo wa ku Roma. Nyengo yabwino yoyenda pa nyanja yapita. Iye achenjeza kuti asapitirire. Kenturiyo amvera woyendetsa ngalawa ndi mwini wake, ndipo ambiri agwirizana zonyamuka. Kale tinkangoti kenturiyo anali wouma mutu. Koma taganizani, abale: kodi sanachite chimene munthu wanzeru akadachita? Pa za ngalawa anafunsa odziwa ngalawa. Anatsatanso ambiri, monga timachitira ife m'mabwalo athu a mpingo. Cholakwa chake chinali chakuti liu lakuti lekani analiyesa ndi malaya a wolinena, ndipo poona kuti ndi la wandende analitaya. Anthu 276 anakhala milungu iwiri m'mphepo yamkuntho, ngalawa inasweka, ndipo anapulumuka ndi chifundo cha Mulungu chokha. Tiona pamenepa kuti luso likhoza kulakwa, unyinji ukhozanso kulakwa, makamaka pamene onse ali ndi chifukwa chofunira kupitirira, monga mwini khoka ndi mafuta ake.

Achinyamata athu, amene mafoni sachoka m'manja mwao, amatiuza kuti masiku ano kuli makina a kompyuta amene amagawana ntchito okhaokha, kufunsana ndi kuyankhana popanda munthu, ndi kuti akatswiri akulimbana ndi funso lakuti makina otere apatsidwe ufulu wofika pati, ndipo munthu alowererepo liti. Iwo amayesa funsoli ndi la dzulodzuloli. Ife pomva timakumbukira ngozi ina imene inachitika usiku wa pa 1 Julayi 2002 kumwera kwa dziko la Germany, pamwamba pa tauni ya Überlingen, imenenso ili m'mbali mwa nyanja. Ndege ziwiri zinali kuyandikana pa msinkhu umodzi, ina ya anthu yochokera ku Russia, ina ya katundu ya kampani ya DHL. Ndege zazikulu zimakhala ndi chipangizo chotchedwa TCAS, chimene chimalankhulana ndi chinzake cha m'ndege inayo, ndipo ziwirizo zimapangana kuti iwe kwera, ine nditsika. Usiku umenewo zipangizozo zinapangana bwino lomwe: cha m'ndege ya katundu chinati tsika, cha m'ndege ya ku Russia chinati kwera. Koma m'masekondi omwewo munthu woongolera ndege ali pansi ku Zürich, amene sankamva zimene zipangizozo zinapangana, anauza ndege ya ku Russia kuti itsike. Oyendetsa anamva mau awiri otsutsana, natsata a munthu. Ndege zonse ziwiri zinatsika n'kuombana. Anthu 71 anafa, ambiri a iwo ana a sukulu amene ankapita ku tchuthi ku Spain.

Pamenepo panalibe wofuna choipa. Woongolera anafuna kupulumutsa, zipangizo zinachita ntchito yao, oyendetsa anamvera. Chimene chinali chosamangika bwino ndi chija alovi athu amachimanga akadali pa gombe: mau awiri akatsutsana, omveredwa ndi ati? Itachitika ngoziyi malamulo a za ndege anakhwimitsidwa, kuti chipangizocho chikalamula kukwera kapena kutsika woyendetsa atsate icho, ngakhale wa pansi anene zina. Si kuti chitsulo chili ndi nzeru kuposa munthu, ai. Koma pa kamphindi kameneko ndicho chili ndi nyali. Ndipo amene anachipatsa kamphindi kameneko, nachiikira malire, ndi anthu, atakhala pansi kunja kuli bata. Nafenso mau athu aja akuti kokani akadamveka mwamphamvu pang'ono, tikadakhala ngati woongolera uja: munthu wofuna zabwino, wozolowera kumveredwa, wolankhula pa chinthu chimene sakuchiona.

Ife a Chipresbiteriyo tiyenera kuzidziwa zimenezi kuposa ena, pakuti ndiwo mamangidwe a mpingo wathu. Mbusa amakhala pa mpando wa bwalo la akulu a mpingo, koma sagamula yekha. Pamwamba pa bwalolo pali presibitale, pamwamba pake sinodi, ndipo chilichonse chili ndi zake. Pamene Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana kupanga CCAP m'chaka cha 1924, Nkhoma n'kulowamo mu 1926, palibe amene anameza mnzake. Abale athu a Anglican, amene ndiwo ambiri pa chilumba pano, amene amishoni ao anakhazikika kuno mu 1885 nayamba kumanga tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera ku Chipyela mu 1903, amatiseka kuti kwao bishopu akanena nkhani yatha, pamene ife timakhala pa msonkhano mpaka nsima kuzizira. Timaseka nao, ndipo sitisinthana nao. Koma tivomere kuti ife akulu a mpingo kawirikawiri timaiwala kuti bwalo lili ndi malire. Pa mpingo wina umene tinatumikirapo tinakhala madzulo athunthu kukambirana mtundu wa nsalu ya kwaya ya achinyamata, eni ake ali panja kudikira. Chiphunzitso cha m'nyimbo zao chinali chathu kuchiyang'anira. Nsaluyo sinali yathu.

Tsono tibwerere kunyumba. Tidziwa kuti makolo ena powerenga ayamba kale kunena kuti ana a masiku ano alibe nyali ina iliyonse, angotengeka ndi zoona pa foni, ndipo kholo likawalekerera lidzalira. Sitikutsutsani kotheratu. Si aliyense wokhala m'bwato amene ali siginala. Mnyamata wathu uja anakoka chingwe zaka zambiri, nakapa madzi, naphonya, mwini khoka asanamkhulupirire ndi nyali. Ndipo mwini khoka akadali ndi mphamvu yomlanda nyalizo akaona kuti akuseweretsa miyoyo ya anthu. Ufulu wosankha umaperekedwa pang'onopang'ono, monga mmene munthu akuonetsera kuti akuona. Mwana wa zaka 12 sasankha ngati apite ku sukulu kapena ai. Koma nanga tidzadziwa bwanji kuti mwana wayamba kuona ngati sitimfunsa?

Loweruka lotsatira tinamuitana pa khonde, amai ake ali pomwepo, ndipo tinafunsa funso lija amai ake anatiuza kalekale. Poyamba anayankha mwamantha, akuyesa kuti ndi msampha. Kenaka anamasuka. Tinamva kuti kwa zaka ziwiri, Loweruka lililonse akamati akupita kukachapa ku nyanja, akatha kuchapa ankakhala pambali pa bambo wina wokonza injini za maboti, kumpatsira zipangizo, mpaka anayamba kumasula ndi kumanga yekha. Ankadziwa maphunziro amene sukuluyo imafuna, ndipo n'chifukwa chake analimbikira masamu ndi sayansi, pamene ife tinkanyadira poyesa kuti akutsata mapazi athu. Amai ake ankazidziwa zonsezi. Ife, mphunzitsi amene timadziwa mwana aliyense wa m'kalasi mwathu kuti amavutika pati, wa m'nyumba mwathu sitinkamdziwa. Zinatipweteka, ndipo zimatipwetekabe.

Tinapangana tsiku lomwelo, tikadali pa gombe. Ntchito ya moyo wake asankha ndi iye, pakuti adzaigwira ndi iye, ife titapita. Za ndalama, zimene tingathe ndi zimene sitingathe, tinena ndi ife, ndipo sadzatenga ngongole kwa munthu osatiuza. Kumene akakhale tikaona limodzi. Adzanyamula kalata ya mpingo nakaipereka Sabata loyamba. Ndipo tinamuuza kuti tikadzaona chinthu choopsa pa moyo wake kapena pa chikhulupiriro chake tidzanena kuti leka, ndipo adzaime n'kumva, ngakhale pambuyo pake zidzaoneke kuti tinaphonya. Iye anafunsa mwaulemu ngati nayenso angathe kunena liu lomwelo kwa ife. Tinazengereza, amai ake akutiyang'ana. Tinavomera.

Sitinena kuti mtima unakhala pansi. Mpaka lero tikadakonda akadagwira choko. Choko sichimiza munthu. Tsiku limene anakwera Ilala, sitima ija yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951, amai ake ndiwo anaoneka olimba, ndipo ife tinakhala nthawi yaitali tikupukuta magalasi. Patapita miyezi iwiri anaimba foni usiku, mau ali olefuka, nati maphunziro ndi ovuta kuposa mmene ankaganizira, ndipo m'kalasi atsikana ndi owerengeka. Pakamwa pathu panali patakonzeka kale kunena kuti bwerera, malo a uphunzitsi tikafunsanso. Tinameza. Tinati, "Nanga iwe mwana wanga, ukuona bwanji?" Anakhala chete kanthawi, nati akhalabe mpaka mayeso oyamba, ndipo akadzaona zotsatira adzatiuza.

Pepala lija lofunsira malo, lolembedwa theka ndi dzanja lathu, tinaliika m'kabati pansi pa mabuku a nyimbo. Mwezi watha tinalipeza pa tebulo. Amai ake anali atalemba kumbuyo kwake mitengo ya ufa ndi sopo zoti akaitanitse ku Nkhata Bay.